Mukapita ku Joni, musamane tipi wokuperekerani zakudya

Ambiri mwa ife tikafika ku South Africa, mtengo uliwonse timayamba tautembenuza m'makwacha, kenako mtima n'kudumpha. Zimenezo n'zomveka, poti randi saipeza mophweka kwathu kuno. Chimene sindigwirizana nacho n'chakuti anzathu ena akafuna kusamala thumba, amayambira pa tipi, kangachepe kothokozera munthu amene wawatumikira.

M'malesitilanti a ku Johannesburg ndi Cape Town, mwambo wake ndi wakuti woperekera zakudya amapatsidwa tipi ya 10 peresenti ya bilu, ndipo amene wakhutira kwambiri amafikitsa pa 15. Pansi pa bilu pamakhala kamzere kopanda kanthu kakuti mulembepo nokha, iye ataima pambali ndi kamakina ka khadi m'manja. Mukadya za R400, ndiye kuti muwerengere R440 musanakhale n'komwe pampando. Mukakhala gulu lalikulu, malo ena amaikiratu ndalamayo pa bilu, choncho muziyamba mwawerenga kuti musalipire kawiri.

Lamulo la malipiro ochepetsetsa, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2019, limanena kuti tipi si gawo la malipiro, ndipo mu Malichi 2025 malipiro ochepetsetsawo anaikidwa pa R28.79 pa ola. Komatu ndalama imeneyi ikachotsedwa lendi, thiransipoti ndi chakudya, yotsala ndi yochepa, ndipo ambiri mwa anyamata ndi atsikana amene amanyamula mbale m'malo amenewa ndi abale athu ochokera ku Malawi ndi ku Zimbabwe, amene kumudzi akudikiridwa kuti atumize ya feteleza ndi ya fizi. Kumumana R40 munthu wotere, inu mutatha kugula nyama ndi chakumwa, ine ndimaona kuti si kusamala ndalama koma kuuma mtima.

Amene amandikhudza kwambiri ndi alonda a magalimoto, aja ovala kajekete kowala m'malo oimikapo galimoto. Ambiri salandira malipiro alionse, ndipo ena amachita kulipira tsiku ndi tsiku kuti aloledwe kuima pamalopo, padzuwa ndi pamphepo ya mu Juni. R5 kapena R10 imawakwanira. Wothira mafuta, makamaka akapukuta galasi ndi kuona mpweya wa matayala, amapatsidwanso chimodzimodzi.

Pofuna kupulumutsa ndalama, malo ake alipo ena. Sitima ya Gautrain kuchokera pa bwalo la ndege la OR Tambo kukafika ku Sandton imaposa R200, pamene minibasi za m'tauni n'zotsika mtengo ndipo dalaivala sayembekezera tipi. Chakudya chogula ku Shoprite n'kukaphika nokha chimatchipa kutalitali, ndipo mtengo wa pa shelefu ndi womwewo mumalipira chifukwa msonkho wa VAT wa 15 peresenti umakhala uli momwemo. Msonkho umenewu mlendo angathe kuubwezeredwa pa katundu amene akutuluka naye, ngati zonse pamodzi zaposa R250, koma pamafunika malisiti, pasipoti ndi kuonetsa katunduyo pa bwalo la ndege musanakwere.