Chenjezo kwa inu mukuyalika ma LED m'galimoto

Ndinkafuna kungoyang'ana, koma zimene ndamva sabata yathayi zandilankhulitsa. Mwana wa mnzanga wapha injini ya galimoto imene bambo ake anaikhetsera thukuta zaka zambiri. Oyilo anatha, kanyali kochenjeza kanayaka, iye osakaona. Akanakaona bwanji poti anazula mababu onse kuseri kwa dashibodi n'kuikamo ma LED abuluu, tinyali tamakono tija tosadya magetsi ambiri? Kachizindikiro ka oyilo n'kofiira, ndipo kuwala kwabuluu sikudutsa bwino pa kagalasi kofiira. Kanyaliko kankangooneka mozilala pakati pa chiwalewale, mnyamata ali pa chiwongolero akugwedezera mutu nyimbo, mpaka injini inangoti gwa, osatembenukanso. Lero akuti galimoto inali yakutha kale. Yakutha ndi galimoto kapena nzeru?

Ana inu, mukuyesa amene anapanga galimoto analibe maso? Mitundu ija sanaiike kuti ikusangalatseni. Kofiira kakayaka ndiye kuti imani pomwepo: oyilo, mabuleki, batire, kapena injini yatentha. Kachikasu kakuti pitani kwa makaniko zinthu zisanafike poipa. Kobiriwira n'ka indiketa, kabuluu n'ka magetsi apatali. Tsono inu mukasandutsa zonse buluu kapena pepo, mudziwa bwanji kuti mukuthobwa m'maso mnzanu amene akubwera kutsogoloyo?

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndi zingwe zowala zija. M'zitseko, kumapazi, kudenga, mozungulira wailesi, ena mpaka moikamo makapu. Diso la munthu limafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti lizolowere mdima bwinobwino, inu n'kumaliwalitsira nyali pafupi chonchi ulendo wonse. Kuwalako kumabwerera pa galasi lakutsogolo, mmalo moona msewu mukuona mawondo anu ndi nkhope ya amene mwakhala naye. Woyenda pansi amene wavala zakuda mumuona liti? Wanjinga wopanda nyali? Lole yofera pamsewu? Atagona kale pa boneti? Mvula ikamagwa ndiye musanene. Kabatani kochepetsera kuwala kwa dashibodi kalipo pa chifukwa chake, koma ma LED ambiri otchipawa sakamvera n'komwe: kaya mupotokole bwanji, akungoboola m'maso. Ndiye pali ena aja osintha mitundu ndi foni, zina zophethira motsatira nyimbo. Dzanja limodzi pa chiwongolero, lina likusankha pakati pa pinki ndi lalanje, m'mbuyo muli ana. Abale, mwapenga?

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tasuzumirani pansi pa dashibodi ya anthu amenewa muone. Waya wasendedwa ndi lumo, wina wangopotokoleredwa pamenepo, kukulunga ndi katepi kakuda kamene kakumatuka kale. Fyuzi? Palibe. Akuti imangovutitsa. Tsiku limene waya ameneyo adzakhudze chitsulo, moto udzayambira kuseri kwa mapulasitiki kumene dzanja silifika, inu mudzangomva fungo muli pa liwiro. Wina amafunafuna magetsi pa mawaya achikasu, osadziwa kuti amenewo ndi a airbag, thumba lija lofufuma pa ngozi kuti likutetezeni. Wina wamata chingwe chake pamwamba penipeni pamene airbag imatulukira. Ikadzaphulika, chingwecho chidzapita kuti ngati si kumaso kwanu? Chija chakumapazi, guluu wake akafewa ndi kutentha, chimalendewera pakati pa buleki ndi kilatchi. Nsapato ikakodwa pamenepo mudzaitana ndani?

Za olumikiza molunjika ku batire sinditaya nazo nthawi. M'mawa uliwonse timawaona akupempha anthu kuti awakankhe.

Koma ili ndilinene, poti ambiri salidziwa ngakhale amadzitcha akatswiri ataonera vidiyo imodzi pa YouTube. M'galimoto zambiri zakale, kababu ka chizindikiro cha batire ndi kamene kamadutsitsa magetsi odzutsira alternator (makina otchaja batire injini ikamalira) kuti iyambe kutchaja. LED imadya magetsi ochepa kwambiri, ndiye mukaiika pamenepo alternator ikhoza kungogona, batire n'kumatha pang'onopang'ono. Mugula batire latsopano, mutukwana makaniko, chonsecho wolakwa ndi inu ndi kanyali kanu. Komanso LED ili ndi mbali yake, mukaitembenuza siyaka. Ndi angati amene amatsekera dashibodi osayesa n'komwe ngati nyali zochenjeza zonse zikuyaka potembenuza kiyi? M'galimoto zatsopano nyalizo n'zowotcherera pa bolodi, ndiye mwana amazula timivi ta spidomita ndi foloko, n'kutibwezera mongoyerekeza. Kamuvi kakuti 80, galimoto ili pa 100. Ka mafuta kakuti theka, thanki ili gwaa. Wapolisi akakuimitsani mudzamuuza kuti chiyani? Nanga zofiira ndi zabuluu zophethira zija, zooneka mpaka kunja, mwakhala ambulansi kuyambira liti?

Babu ikapsa, ikani LED ya mtundu womwewo, yowala mofatsa, kwa munthu wodziwa magetsi a galimoto, fyuzi ili m'malo mwake. Ameneyo ndilibe naye mlandu. Enanu kazuleni zinyalalazo lero lomwe. Mukakana, muziyenda nokha, ana a eni musawakwezemo.