Maloya awa akukolola m'munda wa eni

Ndakwiya ndipo sindibisa. Achemwali anga ali ku Indiana, ku America, amagulitsa zitenje ndi zikwama zosoka okha pa intaneti, kabizinesi ka munthu mmodzi, makina osokera ali pabalaza pomwepo. Usiku wathawu andiimbira pa WhatsApp mawu akunjenjemera. Alandira kalata ya maloya a kampani ina yomwe sanaimvepo chibadwire, ati webusaiti yawo ikugwiritsa ntchito luso lomwe iwowo ali ndi patent yake, chikalata cha boma chonena kuti lusolo ndi lawo ndipo wina asaligwiritse ntchito popanda chilolezo chawo. Luso lanji? Loti wogula akadina pa chitenje, chitenjecho chilowe m'kangolo kudikira kulipira. Basi! Ndiye ati perekani ndalama tithane mwamtendere, mukakana tikaonana kukhothi.

Ndati achemwali, anthuwo anasokako ngakhale chikwama chimodzi? Ayi. Anakuthandizani kukonza webusaitiyo? Ayi. Nanga akufuna ndalama ya chiyani?

Uku ndi kuba. Kuba kovala tayi, koma kuba ndithu. Wakuba wa mu Limbe amakupisa m'thumba n'kuthawa, uyu amakutumizira kalata yosainidwa bwinobwino n'kukhala phee mu ofesi kudikira kuti uchite mantha. Chomwe akugulitsa ndi mantha basi. Akudziwa kuti kulemba loya wako kuti akuyimire pa mlandu wa patent ku America kungadye ndalama zoposa zomwe akupemphazo, ndiye ngakhale uli wosalakwa umangolipira kuti ugone tulo. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Musaganize kuti ndikukokomeza. Kunali kampani yotchedwa Soverain Software, yomwe inagula ma patent akale n'kuyamba kunena kuti kangolo ka pa intaneti ndi kake. Amazon, chimphona chija chogulitsa katundu pa intaneti, inapereka madola 40 miliyoni mu 2005 kuti nkhani ithe. Ena ambiri anangolipira mwakachetechete. Newegg, yogulitsa zipangizo za kompyuta, ndi yomwe inati sitipereka ngakhale tambala. Inagonja kukhothi la ku Texas mu 2010, n'kuuzidwa kuti ilipire madola 2.5 miliyoni, koma inachita apilo ndipo mu 2013 khothi lalikulu linati zomwe ankazitcha luso lawozo zinali zodziwikiratu, ena anali atazichita kale. Tsono taganizani, zaka zonsezo anthu akulipirira chinthu chopanda pake. Ndani anawabwezera? Nanga maloya anabweza zomwe anadya?

Amazon yomweyonso siyoyera. Mu 1999 inapatsidwa patent ya kugula podina kamodzi kokha, n'kukasumira kampani yogulitsa mabuku ya Barnes & Noble chaka chomwecho. Kudina batani! Patent imeneyo inatha mu 2017. Ati vuto ndi ofesi yopereka ma patent yomwe inkavomereza zilizonse, kaya, zimenezo akambirane okhaokha. Ine ndikunena za munthu amene anakhala pansi, wophunzira mpaka ku yunivesite, n'kulemba kalata yoopseza mayi wosoka zikwama akudziwa bwino lomwe kuti mayiyo sanabe kanthu.

Ndiye mumve ena akudandaula kuti anthu sakhulupirira maloya. Tiwakhulupirire bwanji? Mlandu ukapambana adya, ukagonja adya, mukagwirizana panja pa khothi adyanso. Dokotala, wodwala wake akamwalira, amachitako manyazi. Awa ayi, amakutumizira bilu ya mphindi zomwe munalankhula pa foni. Achemwali afunsa loya wina kuti angowawerengera kalatayo, wayamba ndi kutchula mtengo wa ola limodzi asanaione n'komwe. Wokuopseza ndi loya, wokupulumutsa ndi loya, onse awiri akutafuna chimanga chako.

Ndipo amene mukuseka kuti izi ndi za ku America, chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe. Kwathu kuno si zomwezo? Amalume anagundidwa ndi minibasi, mwendo mpaka lero amakoka. Loya anabwera yekha kuchipatala ndi mapepala, akumwetulira, ati musadandaule madala chipukutamisozi tikutengerani. Zaka zinayi tsopano. Ukapita ku ofesi kwake ati bwana ali kukhothi, ukaimba foni ati fayilo ikusakidwa. Koma galimoto wasintha kawiri.