Makoko a mazira otseka timabowo ta m'mano

Nkhani yanu yoti ofufuza akugaya makoko a mazira ndi mamba a nsomba kukhala tizidutswa tosaoneka ndi maso tothetsera kuyayamira kwa mano yandikhudza kwambiri. Kwa zaka zinayi, ndikangomwa madzi ozizira ululu umabaya mpaka m'mutu.

Dokotala wa mano anandifotokozera kuti pansi pa enamel, chikuto cholimba cha kunja kwa dzino, pali gawo lotchedwa dentine lodzaza ndi timabowo tolunjika ku mtsempha. Nkhama zikatsika, timabowoto timakhala poyera, ndipo madzi a m'katimo akagwedezeka mtsempha umamva. Makoko a dzira, kuposa magawo 90 pa 100 aliwonse ndi mchere wotchedwa calcium carbonate, womwe ofufuzawo amausandutsa hydroxyapatite, mchere womwewo umene umapanga dzino. Kachidutswa kosaposa ma nanomita 100 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita) kamalowa bwinobwino n'kutseka bowolo. Zomwe timataya tsiku ndi tsiku zimenezi!

Nkhawa yanga ndi asidi wa m'kamwa ndi mswachi: kodi chotsekeracho sichikokoloka pakatha miyezi ingapo? Ndipo chonde, wina asasinje makoko kunyumba n'kumakhula mano. Ufa wokhakhala umapala enamel, ndiponso makoko osaphetsedwa tizilombo angakhale ndi Salmonella, tizilombo totsegula m'mimba.