Madzi m'kompyuta, zatithandiza chiyani?

Masiku ano ukangonena kuti ukufuna kompyuta yosewerera magemu, aliyense akuti uikemo choziziritsira cha madzi. Mapaipi, pampu, radiyeta ya 240mm, timagetsi tofiira ndi tobiriwira. Ine ndinamvera, ndinagula.

Chaka chachiwiri pampu inayamba kulira ngati udzudzu usiku, kenako inangoti zii. CPU, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, inatentha mpaka madigiri 95, makina n'kuzima okha ndili pakati pa ntchito. Chondinyansa n'chakuti fani ikafa umaiona ndi maso kuti sikuzungulira, koma pampu imafera m'kati osaiona. Ndiye fumbi la mu Okutobala limatsekabe radiyetayo, kupukuta n'komweko!

Ndabwezeretsa chitsulo changa chakale choziziritsira CPU ndi mpweya, cha fani imodzi. Sichikongola, koma sindigona ndikuopa kuti chidontheza madzi pa motherboard, bolodi lalikulu lolumikiza zipangizo zonse za m'kompyuta.