Mchewa wa pa kanema wa ku Harare adzasiya liti kukhala wosekedwa?

Sabata yathayi, sewero lina la pa kanema lopangidwa konkuno ku Harare linandiwawitsa mtima kwambiri, ndipo mpaka lero mkwiyo wake sunandichoke. M'gawo limene tinaonera pabanja munali bambo wachikulire wosamalira maluwa kunyumba ya bwana wina ku Borrowdale, amene aliyense m'sewerolo, ngakhale ana aang'ono, ankangomuitana kuti Achimwene. Bamboyo analibe dzina lenileni, analibe mkazi kapena mwana, ndipo ntchito yake yonse inali kuyankhula Chishona chokhotakhota kuti oonera aseke, kenaka n'kupezeka ndi nsupa za mankhwala pansi pa bedi. Chimene chinandipweteka koposa n'chakuti ana anga omwe, amene agogo awo anachokera ku Dedza, anaseka nawo mpaka misozi, osazindikira kuti munthu amene akunyozedwayo akuimira agogo awowo.

Aliyense wa ife amene anakulira ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku, Tafara kapena Epworth akudziwa kuti zimenezi sizinayambe lero. Munthu wa mtundu wa Chimalawi akaoneka m'masewero a kuno amapatsidwa imodzi mwa mbali zitatu zokha: wa m'munda, mlonda wogona pa ntchito, kapena sing'anga woopsa amene mkazi wansanje amapitako usiku. Gule wamkulu akatulukira, amatulukira ngati chinthu chothamangitsa ana m'misewu, ngakhale kuti bungwe la UNESCO linauika m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu onse m'chaka cha 2005. Makolo athu anabwera kuno mochuluka kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'tauni ya Salisbury (Harare wa lero), makamaka nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1953 mpaka 1963, ndipo ambiri anatchona osabwereranso. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma ife tafika mbadwo wachitatu ndi wachinayi m'dziko muno, ndipo pakati pathu pali aphunzitsi, anamwino, abusa, maloya ndi eni mabizinesi. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amavomereza ziyankhulo 16, ndipo pamndandandawo Chichewa ndicho chili poyamba. Dziko lonse lavina nyimbo za Alick Macheso ndi Nicholas Zakaria, amene anaimba ndime zathunthu m'Chichewa popanda wina kudandaula. Ndiye n'chifukwa chiyani olemba masewero okha ndi amene sanamve kuti tilipo ngati anthu athunthu?

Sindikufuna kunyoza luso la a zisudzo a ku Zimbabwe, chifukwa kutero kungakhale kunama. Dziko lino linayamba kuulutsa kanema m'chaka cha 1960, pomwe ku Malawi wailesi ya kanema ya TVM inatsegulidwa mu 1999, Kamuzu Banda atachoka kale pampando, ndipo kusiyana kwa zaka pafupifupi 40 kumeneku kumaoneka m'kajambulidwe, m'kamvekedwe ka mawu ndi m'kasanjidwe ka nkhani. Ife tinaleredwa ndi Mukadota wa Safirio Madzikatire, tinaseka ndi Paraffin, ndipo Gringo wa malemu Lazarus Boora tinkamukonda ngati wachibale. Studio 263 itayamba pa ZBC mu 2002, misewu ya m'malokeshoni inkachita zii madzulo, ndipo sewero limenelo ndilo linatulutsa Tongayi Chirisa amene lero akusewera m'mafilimu a ku America. Pa luso la kamera ndi kapangidwe, Harare ili patsogolo pa Blantyre, ndipo ndikuvomereza zimenezi ndi mtima wonse.

Komabe masiku ano, ndikagula bandulo, maso anga amathamangira ku masewero a ku Malawi amene timawapeza pa YouTube ndi pa Facebook, kapena amene achibale amatitumizira pa WhatsApp. Malawi anachedwa kukhala ndi kanema, koma anali ndi sukulu ina yaikulu, imene ndi wailesi. Kapalepale ndi Pamajiga pa MBC, komanso Zimachitika wa a Story Workshop, anaphunzitsa olemba kumanga nkhani ndi pakamwa pokha, mwakuti munthu umamudziwa khalidwe lake pongomva mmene akupatsira moni apongozi ake. Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, ankatha kudzaza holo ndi kukambirana kwa anthu awiri basi. Tikuferanji anakhala pa kanema zaka zambiri akukamba za Edzi, nkhanza za m'banja ndi katangale, ndipo Michael Usi, wosewera m'sewerolo amene dziko lonse linkamudziwa kuti Manganya, anadzafika pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024 Saulos Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege. Kaya munthu amagwirizana ndi ndale zake kapena ayi, nkhani imeneyi ikusonyeza kulemera kumene Amalawi amapereka kwa munthu wa zisudzo.

Chimene chimandikoka m'masewero amenewa si kukongola kwa zithunzi, koma kuona kuti woweruza milandu, dokotala, mbava, mtsikana amene wagwa m'chikondi ndi mayi amene akulira maliro a mwana wake, onse akuyankhula Chichewa, ndipo palibe amene akuseka chifukwa cha chiyankhulocho. Mwana wanga wamkazi atamva koyamba loya wa m'sewero akutsutsa mlandu m'Chichewa chozama, anandifunsa modabwa ngati anthu ophunzira a ku Malawi amayankhuladi choncho. Funso limeneli likuonetsa zimene kanema wa kuno wabzala m'mitu ya ana athu, zakuti chiyankhulo cha agogo awo n'cha kumunda ndi kukhitchini kokha.

Zofooka za masewero a ku Malawi ndikuziona ndithu. Mawu nthawi zina amamveka ngati ajambulidwira m'chidebe, ambiri amalalikira kwambiri chifukwa ndalama zake zimachokera ku mabungwe amene ali ndi uthenga wofuna kufalitsa, ndipo sewero limatha kuima pakati nkhani isanathe thandizo likangouma. Ndiyeneranso kunena kuti kumudzi nakonso kuli chizolowezi choseka kayankhulidwe ka anthu a zigawo zina, ndiponso choseka ife matchona tikabwerera ndi Chichewa chosakanikirana ndi Chishona. Zimenezo n'zoipa chimodzimodzi, ndipo sindikuziikira kumbuyo.

Anzanga ena tikamakambirana pabwalo la tchalitchi mapemphero a CCAP akatha amanditsutsa kuti kuyerekeza kumeneku n'kokondera, popeza ku Malawi Chichewa ndi chiyankhulo cha anthu ambiri pomwe kuno ndife ochepa, ndiye wopanga sewero ayenera kutsata kumene kuli oonera ndi otsatsa malonda. Mfundo imeneyi ikanandigonjetsa pakanapanda Muvhango. Tonsefe tikukumbukira masiku a madikoda a Wiztech, pamene pafupifupi nyumba iliyonse mu Harare inali ndi dishi padenga n'kumaonera SABC mwaulere, mpaka mu 2013 pamene njirayo inatsekedwa anthu n'kudandaula ngati kwagwa maliro. M'masiku amenewo tinkaonera Generations ndi Isidingo, koma azimayi ambiri a m'malokeshoni athu sankaphonya Muvhango, sewero la m'Chivenda la Duma Ndlovu limene linayamba mu 1997 ndi kukhala pa SABC2 kwa zaka zoposa 25. Anthu oyankhula Chivenda ku South Africa sakwana atatu pa anthu 100 alionse, ndipo kwa nthawi yaitali nawonso ankanyozedwa ku Johannesburg monga mmene ife timanyozedwera kuno. Komatu sewerolo linaika banja lachifumu la ku Thathe pakati penipeni pa nkhani, ndi milandu yake ya ufumu, mitala, chuma cha masiye ndi mikangano ya m'makampani, ndipo Azulu, Asotho ndi ife a ku Harare tinkatsatira powerenga mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi. Palibe amene anafunika kudziwa Chivenda kuti amukonde kapena kumukwiyira mfumu Azwindini. Skeem Saam nayo, kuyambira 2011, yachita chimodzimodzi pogwiritsa ntchito Chipedi cha ku Turfloop. Ngati chiyankhulo cha anthu ochepa chotero chinanyamula sewero la dziko lonse kwa zaka zonsezo, palibe amene angandiuze kuti banja limodzi la Achewa la ku Mabvuku lingathamangitse oonera a ku Zimbabwe.

Sindikunena kuti ku Joni zonse zili bwino, pakuti tonse tikukumbukira kuti mu 2014 a zisudzo 16 a Generations anachotsedwa ntchito atanyanyala pofuna malipiro abwino, ndiponso masewero awo ambiri sasonyeza bwino anthu obwera kuchokera kumaiko oyandikana nawo. Achinyamata athu amene amalumbirira sewero la Uzalo amakonda mfuti ndi magalimoto obedwa a ku KwaMashu, zimene ine sizindisangalatsa konse. Nkhani za msangulutso nazo m'maiko atatu onsewa zimakonda kuthamangira zibwenzi ndi kutha kwa maukwati a anthu otchuka kusiyana ndi kufunsa ngati sewero lalembedwa bwino, ndipo sindinaonepo mtolankhani wa kuno akufunsa wolemba sewero chifukwa chimene Mmalawi wake amakhalira wopanda dzina nthawi zonse.

Amene amati izi ndi nthabwala chabe ndimawakumbutsa kuti makolo athu ambiri anakhala zaka ndi zitupa zowatchula kuti ndi alendo m'dziko limene anabadwira, ndipo ena analandidwa ufulu wovota lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, mpaka malamulo a 2013 atabweza zinthu m'malo mwake. Munthu amene wadutsa m'zimenezo akaona dziko lonse likuseka kayankhulidwe kake madzulo alionse, sangazitenge ngati nthabwala wamba. Ana ena a kwathu kuno amabisa maina a makolo awo kusukulu, ndipo amakana kuyankha m'Chichewa akakhala mu kombi ndi anzawo.

Mwayi wokonza zimenezi ulipo tsopano kuposa kale. Mu 2020 boma linapereka ziphaso kwa wailesi zatsopano za kanema zisanu ndi imodzi, ndipo 3Ktv ndi ZTN Prime zinayamba kuulutsa mu 2022, zonse zikufunafuna masewero a konkuno. National FM ili ndi nthawi ya mapologalamu a Chichewa, kutanthauza kuti olemba ndi owerenga odziwa chiyankhulochi alipo kale mu Harare. Ife timalipira laisensi ya wailesi monga wina aliyense, makamaka tsopano pamene lamulo la 2025 linaimangiriza ku laisensi ya galimoto. Chimene ndikupempha kwa opanga masewero si sewero lonse la Chichewa, koma banja limodzi lokhala ndi maina ake, agogo amene anachokera ku Ntcheu ali mnyamata, mwana amene ndi namwino ku chipatala cha Parirenyatwa, ndi mdzukulu amene akufuna kukwatira kwa Mazezuru, mtundu wina wa Ashona, pomwe akuluakulu a mbali ziwirizo sakugwirizana pa nkhani ya lobola ndi chikamwini. Olembawo akafuna wowathandiza pa chiyankhulo ndi miyambo, apite ku Mufakose kapena ku Tafara Lamulungu lililonse, akawapeza ambiri okonzeka kugwira nawo ntchitoyo.