Lekani kunena kuti "ndi wakamera basi"

Dzulo ndapsa mtima. Tikucheza za mafilimu, wina n'kulankhula mwachidziwedziwe kuti, "Ameneyo ndi wakamera basi, udayirekita waudziwira kuti? Abwerere akagwire kamera yake." Anzake onse n'kumagwedeza mitu ngati wanena zanzeru. Ayi anthu inu, ayi!

Wakamera basi? Kodi amene amaima pambali pa dayirekita kuyambira m'bandakucha mpaka usiku ndi ndani? Amene amasankha lenzi, amene amauza anyamata a magetsi kuti nyali iyi itsike pang'ono nkhope ya wosewera ichite mthunzi mbali imodzi, amene amadziwa kuti mayi akayamba kugwetsa misozi kamera iyandikire kapena ikhale patali, ndi ndani? Dzuwa likamalowa, kuwala kukutha, dayirekita mutu wabalalika, amatembenukira kwa yani? Kwa wakamera yemweyo. Munthu wakhala zaka ndi zaka diso lili pa kamera, waona madayirekita odziwa ntchito, waonanso ongokuwa, ndiye inu mukuti sadziwa kutsogolera filimu?

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Ernest Dickerson anali wakamera wa dayirekita wa ku America Spike Lee. Ndiye anajambula Do the Right Thing mu 1989 ndi Malcolm X mu 1992. Chaka chomwecho cha 1992 anatulutsa Juice ali dayirekita, kenako n'kukatsogolera magawo a The Wire ndi The Walking Dead pa TV. Mukanakhalapo nthawi imeneyo bwenzi mukumuuza kuti abwerere ku kamera. Jan de Bont anajambula Die Hard mu 1988, mu 1994 ali dayirekita n'kutipatsa Speed, filimu ya basi yosaima ija imene ambiri munaonera mitima ili m'mwamba. Barry Sonnenfeld nayenso anayambira pa kamera asanatsogolere Men in Black mu 1997. Ku China, Zhang Yimou anali wojambula, koma filimu yake yoyamba ngati dayirekita inakatenga mphoto yaikulu ya Golden Bear ku Berlin mu 1988. Yoyamba yeniyeni! Reed Morano, mayi amene anakulira pa kamera, anatsogolera magawo atatu oyamba a The Handmaid's Tale n'kupata mphoto ya pa TV ya Emmy mu 2017. Onsewa ndi "akamera basi"?

Inde, alipo amene zinawakanika. Wally Pfister anatenga mphoto yaikulu ya mafilimu ya Oscar pojambula Inception, koma filimu imene anatsogolera mu 2014 anthu sanaikonde. Nanga amene anachokera kolemba nkhani kapena kosewera, onse zinawayendera? Bwanji wakamera mmodzi akapunthwa mumati onse ndi olephera?

Vuto lake anthu amangoona nkhope za pa chithunzi cholengeza filimu, basi. Koma chimandiwawa n'chakuti mumam'tenga munthu ngati mtengo woikapo kamera. Mumaganiza kuti ntchito yake ndi kudina batani. Chilichonse chimene munachiona m'filimu n'kukukhudzani mtima, mdima uja wa m'chipinda, kuwala kuja kodutsa pa windo n'kugwera pa tsaya la mwana, chinadutsa m'diso la munthu ameneyo chisanafike kwa inu. Iye ndiye woyamba kuonera filimu. Ndiye akati tsopano ndikufuna kunena nkhani yanga ndekha, mukumutsekera chitseko chifukwa chiyani? Msiyeni ayese. Akalephera mudzanene atalephera, osati asanayambe n'komwe.

Ndipo chipongwechi sichili kwa oonera okha. Mu 2019 akuluakulu a Oscar anafuna kupereka mphoto ya ojambula pa nthawi ya malonda a pa TV, anthu asakuona. Anasintha maganizo ojambula ndi madayirekita atakwiya. Nawonso makampani oonetsa mafilimu pa intaneti, maina a anthu opanga filimu akangoyamba kuyenda kumapeto amakukankhirani ku filimu ina musanawerenge n'dzina limodzi lomwe. Munthu wagwira ntchito miyezi, dzina lake mukulithamangitsa m'masekondi. Zamanyazi!