Sitolo ikafuna kuthandiza kanema, igulitse matikiti

Opanga makanema akamalengeza kuti agwirizana ndi sitolo yakutiyakuti kuti iwathandize kutsatsa kanema wawo, kawirikawiri chimene chachitika n'chakuti mwini sitoloyo wawalola kumata chithunzi pagalasi la pakhomo, ndipo iwo alemba dzina la sitoloyo m'munsi mwa chithunzicho pamodzi ndi mayina a ena owathandiza. Ine sindiona kuti umenewo ndi mgwirizano wa malonda, chifukwa sitoloyo sinaikepo kalikonse kamene ingataye anthu akapanda kubwera, ndiponso palibe chimene ingapindule holo ikadzaza. Maganizo anga ndi akuti mgwirizano umayamba kukhala ndi tanthauzo pamene munthu amene wabwera kudzagula shuga ndi sopo angathe kulipira tikiti ya kanema pakauntala pomwepo.

Chitsanzo chimene chimandikhutiritsa chinachitika ku America m'chaka cha 2013, pamene kampani ya Warner Bros. inkakonzekera kutulutsa kanema wa Man of Steel. Kanemayo ankayenera kuyamba kuonetsedwa kwa aliyense pa 14 June, koma kampaniyo inagwirizana ndi masitolo a Walmart kuti pakhale chionetsero chapadera madzulo a pa 13 June, ndipo matikiti a chionetserocho ankapezeka m'masitolo a Walmart okha. Anayamba kugulitsidwa pa 18 May, kutatsala pafupifupi mwezi wathunthu, m'masitolo oposa 3,000, kumbali imene amagulitsako ma TV ndi zipangizo zina zamagetsi. Wogula tikiti ankapatsidwanso mwayi woitanitsiratu kanemayo pa chimbale cha Blu-ray kuti adzamulandire akadzatuluka. Chionetsero cha usiku umodzi umenewo chinabweretsa madola pafupifupi 12 miliyoni, kanemayo asanayambe n'komwe kuonetsedwa kwa anthu onse.

Chimene chili chofunika pa nkhaniyi si kukula kwa ndalamazo, popeza Walmart ndi sitolo yaikulu kwambiri moti palibe wa kwathu kuno angadziyerekeze nayo. Chofunika n'chakuti mbali iliyonse inapeza chinthu chimene sikanatha kuchipeza payokha. A Warner Bros. anafikira mabanja amene amapita ku Walmart sabata iliyonse koma satsatira nkhani za makanema, ndipo anawafikira pa nthawi imene ndalama zili kale m'manja. A Walmart anapeza chinthu chimene masitolo opikisana nawo analibe, ndipo munthu wofuna tikiti ankayenera kulowa mkati mwenimweni mwa sitolo, kudutsa mashelefu a zovala, zidole ndi zakudya, asanafike pamene matikiti ali. Munthu wotere satuluka ndi tikiti yokha.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake opanga kanema amalimbikira kugulitsiratu matikiti, ayenera kudziwa mmene nyumba zoonetsera kanema zimagwirira ntchito. Ndalama za pakhomo zimagawidwa pakati pa mwini holo ndi kampani yofalitsa kanemayo, ndipo mwini holo amayang'ana kuchuluka kwa anthu amene abwera m'masiku oyambirira kuti aganize ngati kanemayo apitirire sabata yotsatira kapena achotsedwe kuti alowe wina. Kanema amene wayamba mofooka amasamutsidwira m'chipinda chaching'ono ndi pa maola oipa, ndipo akatero sadzukanso. N'chifukwa chake tikiti yogulidwa milungu itatu tsiku lisanafike ndi yamtengo wapatali kuposa malonjezo a anthu chikwi amene alemba pa Facebook kuti adzabwera. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Komabe pali mbali imene okonda njirayi amaidumpha, ndipo ndi mbali ya mwini holo. Phindu lalikulu la nyumba zambiri zoonetsera kanema silichokera pa tikiti, koma pa mbuliwuli ndi zakumwa zimene anthu amagula asanalowe, chifukwa ndalama zimenezo sagawana ndi wofalitsa kanema. Tikiti imene munthu waiponya m'basiketi mosaganizira, kapena imene wangopatsidwa ngati mphatso atagula katundu wambiri, imaiwalika mosavuta m'chikwama. Ndalama yake imawerengedwa, wofalitsa amasangalala, koma mpando umakhala wopanda munthu, mbuliwuli sagulidwa, ndipo palibe amene atuluke m'holomo kukauza anzake kuti kanemayo ndi wabwino. Pa chifukwa chimenechi ine sindigwirizana ndi zopereka matikiti aulere pakauntala. Ndi bwino kuchotsera mtengo kusiyana n'kupereka ulere, popeza munthu amene watulutsa ndalama yake, ngakhale yochepa, amakumbukira tsiku ndi ola.

Abale athu amene amakhala ku South Africa adziwa mtundu wina wa mgwirizanowu, umene sumangidwa pa kanema mmodzi. Kwa zaka zambiri mamembala a Edgars Club, kalabu ya ogula m'masitolo a zovala a Edgars, ankagula matikiti a nyumba za kanema za Ster-Kinekor pamtengo wotsika, pomwe okhala ndi khadi la masitolo a Clicks ankachotseredwa mtengo ku nyumba za kanema za Nu Metro. Zimenezi zinkayenda chifukwa kumeneko nyumba za kanema zili m'misika ikuluikulu yomweyo imene muli masitolowo, monga ku Sandton City mu Johannesburg kapena ku Canal Walk mu Cape Town, kotero kuti munthu amachoka pakauntala n'kukwera masitepe basi. Vuto lake n'lakuti anthu amazolowera mtengo wotsikawo mpaka kumauona ngati ndiwo mtengo weniweni, ndiponso mbali ziwirizi zimadalira khamu limodzi. Mliri wa Covid-19 utachotsa anthu m'misikamo, kampani ya Edcon, imene inali mwini wa Edgars, inalowa m'ndondomeko yopulumutsa bizinesi mu 2020, ndipo Ster-Kinekor inatsatira mu January 2021.

Kwathu kuno nyumba zenizeni zoonetsera kanema n'zowerengeka, ndipo makanema athu ambiri amakhazikitsidwa m'maholo a mahotela ndi a misonkhano ku Blantyre ndi ku Lilongwe, nthawi zina ku Mzuzu. Ena angaganize kuti pamenepa nkhani ya masitolo ilibe ntchito, koma ine ndikuona kuti ndi pamene ikufunika kwambiri. Wopanga kanema amalipiriratu holo, zokuzira mawu ndi jenereta asanadziwe kuti kubwera anthu angati, ndipo akudziwa kuti kanemayo akangofika m'manja mwa okopera makanema mwakuba ayamba kuyenda pa mafulashi ndi pa mafoni popanda iye kulandira kanthu. Nthawi yake yopezera ndalama ndi yaifupi zedi. Chizolowezi chogula matikiti pasadakhale tili nacho kale, popeza matikiti a zoimbaimba timawagula m'malo omwetsera mafuta ndi m'masitolo ena, ndipo n'zodabwitsa kuti a makanema sanachigwiritse ntchito mokwanira.

Chimene chimasiyanitsa kugulitsa kwenikweni ndi kungosungitsa matikiti ndi munthu amene wakhala pakauntala. Buku la matikiti likaikidwa m'dirowa ya manijala, wogula amene wafunsa amauzidwa kuti adikire kaye chifukwa abwana atuluka, ndipo m'mbuyo mwake muli mzere wa anthu amene ayamba kudandaula. Munthu wotere amangonyamula katundu wake n'kumapita. Koma tikiti ikalowetsedwa m'makina ngati katundu wina aliyense, n'kumatuluka pa lisiti limodzi ndi ufa ndi mafuta ophikira, ndipo wolandira ndalama n'kuuzidwa tsiku, malo ndi mtengo kuti athe kuyankha mafunso, zinthu zimasintha. Ndikanakhala wopanga kanema ndikanapempha kuti kagawo kena ka ndalama za tikiti iliyonse kazipita kwa wogulitsayo mwiniwake, osati kwa sitolo yokha, ndipo ndikanaonetsetsa kuti masiku ogulitsa akugwera kumapeto kwa mwezi, pamene anthu alandira malipiro ndipo masitolo adzaza.

Kusankha sitolo nakonso kumafuna nzeru, chifukwa dzina lalikulu palokha silithandiza ngati ogula ake si anthu amene angakonde kanemayo. Kanema wa achinyamata angagulike bwino m'sitolo ya mafoni kapena ya zovala kusiyana ndi m'supamaketi ya m'dera la anthu olemera, ndipo kanema wokamba za ulimi angapeze anthu ake kumene amagula mbewu ndi feteleza.

Zonsezi ziyenera kulembedwa pa pepala n'kusainirana, ngakhale mwini sitolo atakhala mnzanu wa ku tchalitchi. Pepalalo linene gawo limene sitolo itenge pa tikiti iliyonse, tsiku limene ndalama zidzaperekedwe, amene adzalipire kusindikiza zithunzi, ndiponso amene adzabweze ndalama za anthu chionetsero chikadzalephereka. Mfundo yomalizayi ndi imene eni masitolo amaiopa kwambiri, ndipo sakulakwa, chifukwa munthu amene wafika pa holo n'kupeza zitseko zotseka sapita kukafunafuna wopanga kanema amene samudziwa n'komwe, koma amabwerera ndi lisiti lake ku sitolo kumene analipira.